Kugogoda Kawiri

Atate anali mlonda ku Kabulonga zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Lamulo lawo linali limodzi:
wogogoda pageti usamutsegulire msanga,
dikira belu la m'nyumba livomereze.
Kugogoda kokha si chilolezo.

Lero ndili ku Ridgeway, usiku, magetsi apita,
ndikuwerenga ndi tochi ya pafoni
za selo loyera la m'magazi
limene nalonso limadikira kawiri.
Choyamba, linzake limabwera ndi kachidutswa ka mdani,
ngati kansanza kotsalira pawaya,
n'kunena kuti, taona, ndatola ichi pabala.
Selo limagwira, limanunkhiza, koma silinyamuka.
Chachiwiri, dzanja lina ligwire dzanja lake
kutsimikiza kuti si mphekesera.
Pamenepo mpamene uthenga umalowa.

Ndipo sulowa ndi phokoso.
Puloteni ikhudza inzake paphewa,
kuisiyira kachidindo ka fosifeti,
inzakeyo ikhudza ina, inayo ina,
ngati ndalama mu minibasi ya ku Mtendere
yochokera mpando wakumbuyo, dzanja ndi dzanja,
mpaka ifike kwa kondakitala.
Kashiamu asefukira ngati ngalande za ku Kanyama mu Januwale.
Pakatikati pa selo, mabuku otsekedwa atsegulidwa,
ndipo limodzi lisanduka awiri, anayi, chikwi,
onse oloweza nkhope imodzi.

Tsamba lotsatira ndi limene landigwira pakhosi.
Pali uthenga wina, wonena kuti basi,
nkhondo yatha, bwererani.
Ukasowa umenewo, alonda sasiya.
Amaphwanya geti, amamenya mwini nyumba.

Atate tsopano ali ku Chawama, pampando wapulasitiki,
zala zawo zapindika ngati waya wotsala pamoto.
Batani la malaya limawatengera m'mawa wonse.
Anansi amati ndi chisanu cha zaka zija,
azakhali a Tikambenji amati pali munthu.
Adokotala ku UTH anati ndi asilikali a m'thupi mwawo momwemo
amene azinga mfundo za zala
ngati mwalowa wakuba.

Loweruka ndinayesa kuwafotokozera.
Anamvetsera, akusisita bondo ndi chikhatho,
kenaka anafunsa:
"Ndiye kuti anyamatawo sanauzidwe kuti kwacha?"
Ndinati ndi zomwezo, atate.
Anaseka pang'ono, kuseka kotulukira m'mphuno.
"Usawadzudzule kwambiri.
Inenso ndinamenyapo mwana wa bwana ndi chibonga
atalumpha mpanda wa kwawo komwe, pakati pa usiku.
Ndinamva dzina lake ndodo itatsika kale."

Magetsi abwera.
Firiji ya pakhonde yayambanso kung'ung'udza,
wina m'chipinda chachinayi wakuwa ndi chimwemwe.
Mayeso ndi Lachiwiri.
Ndalemba padzanja mayina asanu ndi awiri a mapuloteni oyatsa,
inki yalowa m'mizere ya chikhatho.
Lachisanu ndi chitatu likundithawabe,
la puloteni ija yozimitsa.