Mbidzi za Che Kausiwa

Zaka makumi awiri ndi mphambu zinayi
ndakhala ndikuimika anthu kutsogolo kwa mbidzi zitatu.
Zili pa chinsalu cha kukhoma m'situdiyo mwanga,
kuseri kwa depoti, pa boma pa Mangochi.
Anazipenta Che Kausiwa, malemu tsopano,
amene sanaionepo mbidzi chibadwire.
Anangobwereka bulu wa pangolo kwa Mpondasi,
kumuyang'anitsitsa tsiku lathunthu,
kenaka n'kumuveka mizere ndi penti wotsala pa geti ya mmwenye.
Makutuwo ndi a bulu yemweyo mpaka lero.

Aimapo akwati pamenepa,
ana a nsapato zothina za pa Idi,
mphunzitsi wina ndi njinga yake yangongole.
Anyamata a ku Joni, mawa lake akukwera basi,
ndinkawatembenuzira ku khoma loyera, cha pasipoti,
osaseka, chibwano m'mwamba.
Tikatha amati, "Madala, china ndi mbidzi.
Chimenecho n'chosiyira amayi."

Masiku a filimu ndinkatsuka ndekha, usiku.
Pa negetivu aliyense amatembenuka:
wakuda bii ayera mbee,
mano ada ngati watafuna makala,
mkanjo wa shehe usanduka mdima.
Mbidzi zokha, ayi.
Sinthanitsa choyera ndi chakuda,
itulukabe mbidzi.

Zenizeni ndinaziona kamodzi.
Asukulu ananditenga pa lole kupita kunkhalango ya Liwonde
kuti ndikajambule ana.
Mlonda wa mfuti anati khalani chete,
kuona maso a nkhono n'kudekha.
Tinadekha mpaka kashembe anandiboola malaya.
Ndiye zija, mbali ya ku mitsanya,
zisanu kapena zisanu ndi ziwiri,
sungaziwerenge, mizere ya ina imathera mwa inzake.
Ndisanati n'komwe yang'anani kuno
mwana wina anayetsemula.
Pa chithunzicho pali fumbi, mchira umodzi,
ndi chala changa chachikulu.

Dzulo foni yalira, Sumani wanga wa ku Joni.
Zaka zisanu ndi chimodzi osabwera.
Abwana ake anam'patsa Lamulungu lopuma,
wapita kumene amasunga nyama mumpanda, kolowa ndi tikiti.
"Baba, onani, yeniyeni. Iyi sithawa."

Ndithu siikuthawa.
Yaima pafupi ndi chomwera cha simenti,
mutu pansi, ngati munthu wa pamzere kuchipatala.
Waya wa mpanda waidutsa pathupi,
mizere ina pamwamba pa mizere yake.
Kuwala kuli bwino. Wajambula bwino mwanayo,
dzuwa analisiya kumsana monga ndinam'phunzitsira.
Koma ine diso langa linapita pangodya,
pamene theka la nkhope yake lalowa mwangozi.
Tsaya lalowa m'kati.
Jekete ndi lija ananyamuka nalo.

Ndachitsukitsa lero m'mawa.
Ndachikhoma ndi pini pambali pa chinsalu,
pansi pa chija cha fumbi,
pafupi ndi chake cha tsiku lonyamuka,
ataima chilili, dzanja pamsana pa bulu wa Che Kausiwa,
akuseka mano onse pamtunda.

Masana kunabwera mayi wa ku Namwera ndi kamtsikana,
Asiyatu, ka diresi lachikasu, lamitengo likadali pakhosi.
Kanayang'ana khoma lonse, chala m'kamwa,
n'kundifunsa kuti yeniyeni ndi iti.

Ndinatsegula pakamwa.
Panja kabaza analiza belu, wa mandasi anadutsa.
Ndinati, ima apa, mama, pakati pa ziwirizi,
zimenezi siziluma.
Wongola khosi. Usaphethire.