Wobadwa pa 29 Febuluwale

Kuno ku Tallinn dzuwa limaweruka ife tisanaweruke.
Folo koloko isanakwane, mdima watsamira kale pawindo,
chipale chofewa chikuwunjikana pa madenga a kudoko.
Ine ndamaliza.
Masabata asanu ndi limodzi ndakhala ndikuluka
pulogalamu yogulira matikiti a pantoni
yowolokera ku chilumba cha Hiiumaa.
Mayeso onse ayaka mobiriwira.
Jekete ndavala kale.

Õnnela yake ikadali pampando.
Ali pakona paja, khofi atamuzizirira,
akugula tikiti ya anthu ziro,
kenako ya anthu zikwi zisanu ndi zinayi.
Akudina batani kawiri, katatu, ngati munthu wochedwa ulendo.
Akudula intaneti kulipira kuli mkati
kuti aone komwe ndalama zikagone.
Amagogoda ntchito yanga ngati wogula vwende,
khutu lili tcheru.

"Indrek, tabwera."
Mawu ake ndi ofewa. Ndimawaopa.

Walemba tsiku lobadwa: 29 Febuluwale.
Sikirini yangoti mbee.
Pulogalamu yanga yalumbira
kuti munthu wotere padziko kulibe.

"Ndani angabadwe tsiku limenelo?"
ndikufunsa, dzanja lili pa zipi.

"Bambo anga," akutero, osacheuka.
"Amakhala ku Kärdla.
Amawoloka Lolemba lililonse
kudzaonana ndi dokotala wa impso."

Zipi yatsika yokha.

Tikusaka awiri, mzere ndi mzere,
iye akuloza ndi pensulo yotafunidwa, ine ndikutsitsa tsamba,
mpaka pa mzere wa 412:
nayo nsabwe, yanenepa,
ndinaiyika ndekha usiku wina wa Novembala
nditatopa, ndikukhulupirira kalendala ya m'mutu mwanga.
Chala changa chinadutsapo kakhumi osaiswa.

Ndikufuna kukonza pompo.
"Ayi," akutero. "Yamba walemba mayeso. Tiwaone akulephera."
Ndalemba. Afiira psuu.
Ndasintha mawu atatu okha.
Abiriwira.

Mayesowo amafuna dzina.
Ndalemba kuti: bambo a Õnnela awoloke.

Tsopano usiku uliwonse, ife tili m'tulo,
makina a m'chipinda chapansi amadzuka okha,
nkhalamba imene sindinaionepo
imabadwanso pa tsiku lake losowa,
imagula tikiti imodzi,
imakwera.

Panja mphepo ikuluma makutu.
Õnnela akumanga mpango m'khosi, akuti,
"Mawa tiyese munthu wopanda dzina la bambo."