Lachiwiri Usiku ku Izmir

Nurhayat wazimitsa kanema mwaukali:
"Nduna ija ndi njoka.
Yanyonga mbale wake ndi chingwe cha silika,
kenako n'kukalira pamanda ngati mwana."

Selahattin, mwamuna wake, wangoti duu,
akuzunguza tiyi wozizira kale.
Iye anaona china:
dzanja la nduna likunjenjemera
pomata kalata ija ndi phula lofiira.

"Ukanatani iwe,
Sulutani atakuyang'anitsitsa?"

"Ndikanakana."

Kunyanja sitima ya ku Karşıyaka yalira.
Selahattin akukumbuka sitolo ya atate ake,
pepala limene anasaina yekha,
mng'ono wake amene sanamuimbirepo foni
chichitikire chivomezi.

Lachiwiri likudzali adzakhala pampando womwewo,
kudikira kuti aone
ngati munthu wotere amakhululukidwa.