Katoni ya Pakhoma

Amake Sungeni atapita kuchidikiro ku Mchinji boma,
nyumba inayamba kundiyang'ana ngati mwini ngongole.
Mbale zinagona panja masiku awiri,
nkhuku inaikira dzira m'chipewa changa,
Mzati anapita kusukulu malaya atatembenuza.

Ndinakapempha katoni ya sopo
pagolosale ya a Kachigamba pa Kamwendo,
n'kuing'amba, n'kuiyala pakhonde.
Rula yanga inali sipoko ya njinga ya kabaza.
Masiku asanu ndi awiri chopingasa,
maina atatu chotsitsa,
misomali inayi, khoma lathu linasanduka ofesi.

Sungeni amawerenga, ndiye ndinamulembera mawu:
kusesa pabwalo, kutsuka makapu.
Mzati ndinamujambulira nkhuku.
Iye akuti ndi galu wa miyendo iwiri,
komabe m'mawa amatsegula khola,
madzulo amaziwerenga polowa:
zisanu ndi zinayi,
pena khumi, tambala akabwerera panja n'kulowanso.
Ndaziona, wa zaka zitatu, anapatsidwa nsapato,
kuzitolera, kuziika pakhomo ziwiriziwiri.
Amakwatitsa jombo ndi patapata,
ndipo ukwatiwo palibe amaloledwa kuuthetsa.

Womaliza ntchito amadinda chala.
Inki yathu ndi mwaye wa koloboyi
ndi kadontho ka mafuta ophikira.

Lachitatu kunabuka mlandu.
Ndaziona anali atadinda sabata yonse mpaka Lamulungu,
anadindanso chitseko, ndowa, ndi mphuno yake yomwe.
Sungeni anati, wabera mavoti ameneyu!
Pofufuza tinapezanso kuti Mzati
anagulitsa ntchito yake kwa mwana wa aneba
pamtengo wa mango awiri, limodzi lowola.
Ndinaweruza nkhope ili gwa,
kuseka ndinakasekera kuseri kwa bafa.

Lachisanu ndinafika mdima utagwa ndithu,
miyendo ikunjenjemera ndi matumba a mtedza
amene ndinapalasa kuchokera kwa Tembwe.
Onse atatu anali atagona pamphasa imodzi,
zala zakuda bii.
Ndinakweza koloboyi kuti ndione zidindo
ndipo ndinapeza mzere wachinayi, wokhota,
wojambulidwa popanda sipoko.
Adadi, linatero dzanja la Sungeni.
Ntchito: kubwera kusanade.
Mabokosi anga onse anali mbee,
Lolemba, Lachiwiri, mpaka lero.

Ndinaima pamenepo ndalama zili m'manja,
zonyowa ndi thukuta, zokwanira sopo ndi mchere
ndi thiransipoti yokaona amayi awo.
Ndinafuna kuwadzutsa ndiwafotokozere
kuti shuga sagulidwa ndi zidindo.
Koma pakatoni panalibe bokosi lolembamo zifukwa.
Ndine ndinaikonza choncho.

Loweruka dzuwa litapendeka
bambo wina wa sutikesi anandikodola pasiteji.
Ndinamulozera kwa mnzanga Gelesomu.
Ndinapalasa wopanda katundu,
njinga ikulira ngati ikundiseka.
Sungeni anayang'ana dzuwa, n'kundiyang'ana ine,
monga achitira aphunzitsi pageti.
Mwapulumuka, anatero.
Ndaziona anagwira chala changa chachikulu
ndi manja ake onse awiri,
anachiviika m'mwaye, n'kuchikanikiza pakatoni.
Chidindo changa chinadya mabokosi awiri.
Mzati anati Lamulungu lisawerengedwe,
ndidzaligwirire ntchito kaye.

Pamene ndimapukuta chala pabuluku
ndinaona kamzere kena m'munsimunsi,
pamene katoni inayamba kudyedwa ndi chiswe.
Kalibe dzina.
Nanga aka n'ka yani?
Ka mwana amene amama akukatenga.
Ntchito yake?
Anakangana. Sungeni amati kugona,
Ndaziona amati amuthandize nsapato.
Mzati anakanda m'mutu ndi chala chamwaye
n'kunena kuti sabata yoyamba
angofika basi,
tidzamudindira ndife.

Foni ili pawindo, pamene pamagwira netiweki.
Pabwalo ndi posesa, nkhuku zakwana,
jombo ili ndi patapata wake pakhomo.
Tikudikira kuti ilire.