Mendulo Yachitatu

Anabwera atatu kuchokera ku Zomba, nsapato zili phuliphuli,
kudzafuna mendulo zanu kuti aziyale pa bokosi.
Ziwiri tinazipeza m'chitini cha misomali.
Yachitatu? Tinayang'anana.
Nyakuipa, mwana wanu, anangoloza ndi chibwano ku mjigo.

A Alufandika Jekete,
munandilemba ntchito ndidakali ndi zipere m'mutu,
yonyamula sipanala ndi levulo pa njanji ya ku Makhanga,
dzuwa la ku chigwa likuphika chitsulo
mpaka malovu kuchita thithithi tikalavulirapo.
Simunkafuna kumva zoti zili bwino.
Munkati, mwayeza?
Ndiye ndinkagwada kuyang'ana kadiso ka m'levulo
mpaka kaime pakati,
mpaka inu mutati eya.

Za ku Bama simunkasimba.
Anzanu a Keyala akaledzera ku Bangula
ankaguba, ankaimba, ankawombera m'mwamba ndi ndodo.
Inu munkangopala pensulo ndi lumo.
Tsiku limodzi lokha, Ruo atatsekereza Shire,
titakhala pa mtumbira kudikira madzi aphwe,
munati: Ndinamanga mlatho masiku asanu ndi anayi,
nsungwi, zingwe, misundu m'miyendo.
Titawoloka anandipatsa machesi.
Munatola dongo, n'kulipsinya pakati pa zala.
Munati: Ili silingagwire. Mchenga wachuluka.
Nkhani inathera pomwepo.

Koma ndinkaona.
Nzimbe zikamawotchedwa ku Nchalo, usiku,
moto ukuthetheka ngati mfuti,
munkatuluka panja ndi nyali
kukamanga mabawuti omangidwa kale.

Munali wovuta, tisabise.
Munandithira khofi chifukwa cha nati imodzi
imene ndinaigwetsera m'madzi ku Chiromo.
Mkazi wanu anadya nyika chaka cha njala
inu mukukonza pampu ya anthu osalipira.
Sitima itasiya kubwera, njanji itamera minga,
munkayendabe nayo m'mawa uliwonse,
kugogoda ndi hamala, kutchera khutu,
ana akuseka kuti agogo ayamba misala.

Kenaka chaka cha kolera mjigo unafa.
Amayi anabwerera kumtsinje,
ndipo ng'ona inatenga mwana wa a Fulaye
chidebe chili m'manja.
Munamasula mjigo wonse, n'kuuyala pa chiguduli.
Chinatha chinali kawashala, kanthu kochepa ngati tambala.
Ku Ngabu kulibe, ku boma ati dikirani.
Munalowa m'nyumba. Ndinamva chitini chikulira.
Munaboola mfumu ya Azungu pakhutu penipeni,
n'kupala m'mbali ndi tupa,
n'kunena: Tiyeni mfumu, kagwireni ntchito.
Madzulo madzi anatuluka,
amchere pang'ono monga mwa kwathu kuno.

Asilikali aja anapita kukaona.
Wamkulu wawo anazungulira mjigo kawiri,
sanadziwe polozetsa sawatcha.
Mtsikana wina ankapopa, osasiya,
poti m'mbuyo mwake munali mzere wa zidebe.
Msilikali anavula chipewa, n'kukapa manja, n'kumwa.

Lipenga linalira kumanda, mitengo ya masawu ili zii.
Dzenje ndinayeza ndine.
Adzukulu ankati mdala, wakufa saona kupendama.
Ndinagwadabe, mawondo akulira,
kudikira kadiso kaime pakati.

Levulo ili kwa ine tsopano.
Mjigo wayambanso kulira mwachilendo ukamakwera.
Mawa ndiumasula.
Ziwiri zija sitinakwirire nazo.