Makwerero a Gelesomu

Ku holo ya ku Matero, Loweruka masana,
pakhomo ankafuna ngwee zisanu.
Ine ziwiri, Gelesomu zitatu,
mlonda n'kutilowetsa ngati munthu mmodzi:
iye mpando wonse, ine kam'mphepete.

Pa chinsalu pankatuluka azungu awiri opanda mtundu,
wina chimbiya, wina nsungwi,
tizipewa tawo ngati mbale za ndiwo.
Chizungu sitinkamva,
makina a kanema ankalira ngati chigayo,
koma munthu akaponda khoko la nthochi
safuna womasulira.

Ankanyamula makwerero.
Wina aitana kumbuyo, nsungwi itembenuka,
makwerero pha! pankhongo pa chimbiya.
Chimbiya osakalipa msanga, ayi.
Ayamba wakonza tayi,
kenako atiyang'ana ife a ku Matero
monga akuti, mwaona zimene ndimakhala nazo?
Holo yonse kugwa ndi phwete,
mtedza kutipalira pakhosi.

Tinakula, tinakhala opaka penti.
Njinga imodzi, makwerero amodzi,
mipanda ya ku Kabulonga, masitolo a ku Kamwala,
zaka makumi anayi ndi mphambu.
Tsiku lina ndowa ya laimu inandipulumuka ndili pamwamba.
Gelesomu anaivala mpaka m'mapewa.
Anaivula pang'onopang'ono, woyera ngati mzukwa,
anakonza kolala ya ovolosi,
n'kuyang'ana anthu apamsewu.
Mwini sitolo anatichotsa ntchito atagwira nthiti,
mawu oti chokani akumukanika kutuluka.

Shuga ndiye anamudya.
Ku chipatala chachikulu ndinam'peza lamba atazungulira kawiri.
Anandigwira mkono, nati,
Lazalo, taona, tonse taonda.
Kanema wa nsungwi ziwiri angalipire ndani?

Ku Chingwere mvula inali itagwa usiku wonse.
Tinanyamula asanu ndi mmodzi, ine kutsogolo,
nsapato zikumira m'matope ofiira.
Bokosi linapepuka. Zimenezo ndiye zinandipweteka.
Tili pafupi ndi dzenje wina anaitana kumbuyo,
a Lazalo!
Sindikudziwa anali ndani, mpaka lero.
Ndinatembenuka.

Ngodya ya bokosi gu! pamsana pa abusa.
Ambulera yawo inauluka,
inazungulira kamodzi m'mwamba
n'kukatera m'manda, chotambasuka,
ngati yoikidwa ndi iyo.

Nyimbo inaduka pakati.
Zii.
Ndinaona mapewa a Esinati akugwedezeka m'chitenje chakuda.
Amayi a chigwirizano anamugwira, pepani, limbani mtima.
Koma ine mlamu wangayo ndimam'dziwa:
kulira kwake sikugwedeza mapewa chotero.
Anandiponyera diso limodzi lonyowa,
ine n'kuluma mlomo mpaka magazi.

Kamnyamata kanatsikira m'dzenje kukatenga ambulera.
Ine maso pa chivindikiro,
kudikira kuti chitseguke pang'ono chabe,
dzanja lituluke, likonze tayi
imene tinamuveka m'mawa uja,
ayang'ane khamu lonse la Matero ndi Lilanda,
mwaona zimene ndimakhala nazo?

Sichinatseguke.
Mafosholo anayamba ntchito yawo.

Holo ija tsopano amapemphereramo,
chinsalu anachichotsa kalekale.
Adzukulu anga anandipezera azungu aja pa foni,
aang'ono ngati nyerere ziwiri.
Ndinaonera pang'ono, ndinabweza.
Kuseka wekha kumamveka ngati chifuwa.

Makwerero ndikali nawo,
chopondera chachitatu n'chomanga ndi waya.
Ntchito ikapezeka ndimawasenza ndekha
m'mbali mwa msewu wa Lumumba,
maminibasi akundiimbira mahutala.
Nthawi zina, popanda wondiitana,
ndimatembenuka mwadzidzidzi,
mwamphamvu, dala.

Kumbuyo makwerero amangodula mphepo.