Choimira cha Zelipa

Ndine wowotcherera zitsulo ku Kalingalinga.
Geti lopindika ndimaliwongola dzuwa lisanafike pamutu.
Zitseko za ku Kabulonga zimaima chilili chifukwa cha manja anga.
Koma Zelipa wanga, zaka ziwiri ndi miyezi isanu,
ukamuimika amatsetsereka ngati chitenje chogwa pachingwe.
Miyendo imapingasana ngati sizasi,
zala zakumapazi zimaloza pansi,
chidendene sichinalawepo dothi.

Ku kiliniki anatilembera kapepala,
mawu aatali oti lilime langa linakana.
Nesi anangoti, "Funani wa mafizo, koma wa ana."
Wa ana!
Ngati amawayala pamsika wa Soweto, pambali pa anyezi.

Tinayamba Lolemba.
Minibasi mpaka Kulima Tower, kenako ina,
kondakitala akulalata kuti chimwana chotere chilipire mpando.
Amake sanayankhe, anangomangitsa mbereko.
Kuchipatala chachikulu mzere unali utakhota kale pakona:
madala wa sitiroko, mnyamata wa njinga yamoto
atakutidwa pulasitala mpaka m'ntchafu.
Anatipatsa tsiku.
Tsikulo linali kuseri kwa dzinja.

Ku Woodlands kuli nyumba yamagalasi.
Geti lake ndinalizindikira, ndinawotcherera ndine chaka chatha.
Mtsikana wapakauntala anatchula mtengo wa ola limodzi,
ine ndinawerengera mumtima: mafelemu anayi a mawindo.
Ndinathokoza.
Potuluka geti linatsekeka bwinobwino, osalira n'komwe.

Apongozi anaimba kuchokera ku Katete:
bwerani naye, kuno alipo wodziwa kutemera.
Ndinati tamva, amayi.
Foni inathera pamenepo, mayunitsi ndi mawu omwe.

Nambala tinaipeza m'basi.
Mayi wina anayang'ana mapazi a Zelipa nthawi yaitali,
ndiye anakwinya buluku la mwana wake
kutionetsa tizitsulo tomanga akakolo.
Sanafunse kanthu.
Analemba pachikhatho changa ndi bolopeni,
ndipo ndinayenda mpaka kunyumba dzanja lili chitambasulire
kuopa kuti thukuta lingadye nambala yomaliza.

Chilenje, kuseri kwa tchalitchi,
kachipinda ka mphasa zalabala ndi chimpira chobiriwira.
A Nasilele anavula nsapato, nagwada.
Sanayambe ndi miyendo.
Anati, "Zelipa, wadzuka bwanji?"
n'kudikira.
Anadikira mpaka ine manyazi anandigwira,
mpaka mwana anati, "Bwi-no."
Kunyumba timamuyankhira tokha.

"Zothamanga sindilonjeza," anatero.
"Ine ndimamuona Lachinayi lokha.
Masiku enawo madokotala ndinu."
Anatenga manja angawa, azipsera zamoto,
nawaika pa katumba ka mwana wanga.
Ndinakankha monga ndizolowera.
"Bambo, apa si pachitsulo.
Gwirani, werengani mpaka makumi atatu,
mnofu uvomere wokha."
Pa makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri
ndinamva kanthu kakumasuka pansi pa chala changa,
pang'ono, ngati nati yadzimbiri ikayamba kumvera.

Atamva ntchito yanga anaseka.
Anatembenuza lisiti najambula:
mapaipi awiri, thabwa pachifuwa, malamba m'mawondo,
utali wake kuyambira pansi mpaka kukhwapa.
"Zogula ndi zodula. Mungathe?"

Magetsi anabwera usiku pakati.
Ndinadzuka, ndinayatsa makina,
oyandikana nawo anatukwana kudzera pawindo.
Nsonga iliyonse ndinaipala kawiri,
ndinaipapasa ndi tsaya kuti ndimve ngati ikubaya.
Penti inali yotsala pageti la munthu, yachikasu.

Tsopano m'mawa uliwonse amaima mphindi khumi,
womangidwa malamba, pakhomo pa shopu yanga.
Amalira mphindi zitatu zoyamba.
Kenako amaona zimene sankaziona ali pansi:
denga la minibasi, mayi wa zitumbuwa kutsidya,
galu wa a Chirambo akuba fupa.
Amaloza, amandiitana kuti nanenso ndione.

Chidendene chakumanja chatsala chala chimodzi kuti chigunde pansi.
Chakumanzere chikukanabe.
Lachinayi tikweranso basi.